Zomwe ananena nditazimitsa foni

Lachitatu, usiku

Magetsi abwera mochedwa ndipo ndimati ndiyambe kutayipa zomwe ndajambula lero, koma ndangomvetsera pang'ono n'kuzimitsa. M'fonimo mulibe bodza. Kungoti zomwe zikundisowetsa tulo mulibemo.

Kafukufuku wanga wa PhD ndi wa utsogoleri wa aphunzitsi aakulu m'sukulu za pulayimale za m'malokeshoni a Harare. Lero ndinali ndi mphunzitsi wamkulu wina, mayi wachikulire, watsala pang'ono kupuma pa ntchito. Anasaina fomu yovomereza, ndinaika foni patebulo, tinayamba m'Chingerezi. Anayankha bwino kwambiri, bwino mopitirira. Masomphenya a sukulu, kugawira aphunzitsi maudindo, kuyendera makalasi, kugwira ntchito ndi komiti ya makolo. Funso lililonse yankho lake linali lokonzakonza, lomwe akhala akupereka kwa oyendera sukulu zaka zonsezi. Inenso ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, mayankho amenewa ndimawadziwa, nanenso ndimapereka omwewo.

Nditazimitsa foni anatenganso fomu ija, n'kuyang'anitsitsa mfunda wanga.

"Kodi achimwene, kumudzi n'kuti?"

M'Chichewa. Ndinati agogo ankachokera ku Ntcheu. Anaseka chikhakhali, n'kuitana mwana kuti akatenge tiyi. Bambo awo anali a ku Dedza, anabwera nthawi ya chitaganya, ankasamala maluwa panyumba ya mzungu ku Mount Pleasant, pafupi ndi koleji yomwe nthawiyo inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, lero University of Zimbabwe. Akuti ankanena kuti dzina la kwathu lili pachipata koma ife timangodutsa ndi wilibala.

Kenaka anatsegula diloo n'kutulutsa kope. Kope wamba la masamba ambiri, lokutidwa ndi pepala la khaki, m'makona mopindikapindika, pakati amangapo ndi labala. Tsamba lililonse lili ndi dzina la mwana, ngongole ya fizi, ndipo pambali alemba ndi pensulo: amayi amagulitsa tomato ku Mbare, abwera pakutha pa mwezi. Amakhala ndi agogo. Bambo ali ku Joni, satumiza. Ena awalemba chizindikiro cha mtanda, ndinafunsa tanthauzo lake, akuti amenewo musawafunse n'komwe, mungowachititsa manyazi.

"Mwandifunsa za masomphenya," anatero. "Ntchito yanga ndi iyi."

Lamulo la maphunziro lomwe linasinthidwa mu 2020 limaletsa kubweza mwana chifukwa cha fizi, monganso limaletsa kuchotsa mtsikana chifukwa cha mimba. Iwo akuti lamulolo ndi labwino ndipo sakufuna lichoke. Koma lamulo siligula choko. Siligula mankhwala a m'zimbudzi, sililipira mlonda, silikonza pampu ya pachitsime ikafa. Zonsezi zimachokera ku ndalama za makolo, ndipo ndalama za BEAM, zothandizira ana ovutika, nkhani ya kuchedwa kwake imatuluka m'nyuzi chaka ndi chaka. Ndiye apampando a komiti ya makolo amabwera ndi mndandanda, akufuna mayina aperekedwe kwa otolera ngongole. Makolo amene analipira akufunsa kuti ife ndife opusa kodi. Agogo ena akhala pabenchi panja pa ofesi kuyambira m'mawa, m'manja muli madola awiri opindidwa m'kansalu. Onsewa akudikira munthu mmodzi.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene. Koma ku koleji sanatiuze kuti nkhonya zake ndi izi."

Anakamba za kolera wa 2018, uja anavuta ku Glen View ndi ku Budiriro. Akuti masabata amenewo sanalowe m'kalasi kukaona mphunzitsi akuphunzitsa ngakhale kamodzi. Ankafika kusanache kudzaona ngati migolo ili ndi madzi, kuima pageti kuthamangitsa ogulitsa mafiriziti, kusambitsa ana m'manja mmodzimmodzi. Palibe mwana wa pasukulupo amene anamwalira, ndipo akuti pa zonse zomwe achita pa ntchito yawo, chomwe amanyadira n'chimenecho. Pa fomu yoyezera ntchito ya mphunzitsi wamkulu alibe poti achilembe.

Pamene panandigwira kwambiri ndi pa ziphaso za kubadwa. Polembetsa mayeso a Giredi 7 a ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe, chiphaso chimafunika, ngakhale pa mpikisano wothamanga wa sukulu amachifuna kuti aone zaka za mwana. Ana ambiri opanda ziphaso ndi athu omwe, zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia amene anakulira m'mafamu ndi m'migodi. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anati wobadwira muno, kholo lake lili la dziko la SADC, amene ankakhala muno nthawiyo, ndi nzika. Anaikanso Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Papepala nkhani inatha. Koma mwana kuti apeze chiphaso pamafunika chitupa cha kholo, kholo lilibe chifukwa agogo analibe, kapena agogo akadali ndi chakale chija chowatchula kuti mlendo. Mayiwa amayamba kufufuza ana otere ali Giredi 5. Amalemba makalata, amafunafuna mboni, nthawi zina amakwera kombi ndi agogowo kukaima nawo pamzere, chifukwa nkhalamba ikalankhula Chishona chopotoka pawindo imachita mantha n'kubwerera.

Tiyi anazizira. Kaya tinakhala nthawi yaitali bwanji, ndinangomva belu, kenaka phokoso la ana, kenaka zii.

Ndinapempha kuti ndiyatsenso foni. Anakana. Akuti lembani kulikonse komwe mukufuna, bola dzina langa ndi la sukulu zisaoneke, koma mawu anga m'makina ayi, ndatsala pang'ono kulandira penshoni. Kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Nanga bukulo mukamaliza adzawerenga ndani?"

Ndinatchula oyesa, wa m'kati ndi akunja. Ndinatchula laibulale. Anangogwedeza mutu n'kubweza kope m'diloo.

M'kombi ndinalembera ondiyang'anira kafukufuku pa WhatsApp, uthenga wautali, mtima uli m'mwamba. Anayankha madzulo ndi mzere umodzi: zimenezi zikuyankha funso liti mwa mafunso anu a kafukufuku? Ndinakwiya, ndipo mpaka pano mkwiyowo sunathe, ngakhale ndikudziwa kuti akunena zoona. Mafunso anavomerezedwa kale. Komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku inadinda mafunso omwewo ndi njira yomweyo, yojambula mawu. Zolankhulidwa foni itazima, m'chilankhulo chomwe sindinatchule m'pempho langa, woyesa akhoza kuzikana n'kukhala kuti sanalakwe. Kuti zilowe ndiyenera kubwerera ku komiti, kusintha mutu woyamba ndi wachitatu wa bukulo, kuwonjezera mwina chaka, ndipo chaka ndi fizi inanso, ya madola a ku America, pa malipiro a mphunzitsi.

Chomwe chimanditopetsa ndi mutu wachiwiri. Ndakhala miyezi ndikusanja zomwe akatswiri analemba za mitundu ya utsogoleri, instructional leadership, distributed leadership, transformational leadership, uyu anati chakuti, uyu anamutsutsa. Si zachabe ayi, ndaphunziramo zambiri, makamaka zoti mphunzitsi wamkulu amene sadziwa zomwe zikuchitika m'kalasi sukulu imamuthawa. Koma ambiri mwa olembawo ankaona sukulu za ku America ndi ku Britain, komwe madzi amatuluka pampopi ndipo mwana aliyense boma limamudziwa kuti anabadwa. Amayambira pamene mayi aja amafikapo atatopa kale. Ife timatenga mafunso awo, timapita nawo kumalokeshoni, ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa, anthu amatiyankha mwaulemu zomwe tikufuna kumva, timazisanja m'mitu, timavala mkanjo. Lipoti la Nziramasanga, lounika za maphunziro a Zimbabwe, linatuluka mu 1999, silabasi yatsopano inadzayamba mu 2017, kenaka CALA, ntchito zoyesera ana m'kati mwa chaka, pano silabasi ndi ya Heritage-Based, ndipo m'zonsezi wosenza ndi munthu yemwe uja wa kope la khaki.

Mwina ndatopa chabe. Sabata ino sindinagone bwino, kusukulu kwathu tili ndi zathu, malipoti a teremu sanathe. Mayi a kunyumba andifunsa kuti ndakwiyira ndani, ndinati palibe, anati ndiye idyani. Mng'ono wanga amanditcha dokotala wosabaya jakisoni, kale ndinkaseka, lero ataimba foni n'kunena zomwezo ndinadula msanga. Pa tchalitchi madoda ena ayamba kale kundipatsa mpando wa kutsogolo, akuti mwana wathu akutichotsa manyazi. Akudikira chipewa chija. Sindingawauze kuti ndikuganiza zochedwetsa chifukwa cha kope la munthu.

Komanso pali china. Ngati ndilemba za kopelo bwinobwino, ndikulemba kuti aphunzitsi aakulu amasankha okha woti amukakamize ndi woti amusiye, popanda lamulo lowauza. Kwa mayi aja ndi chifundo. Kwa wina ndi pobisalira katangale, ndipo oterowo ndikuwadziwa. Wowerenga ku ofesi akhoza kutenga zomwe ndalemba n'kutulutsa sekyula yoletsa makope otere, ana a mtanda aja n'kukathera kwa otolera ngongole.

Lachisanu ndili ndi mphunzitsi wamkulu wina, bambo, kutsidya la tauni. Mafunso ndi omwewo, ndasindikiza kale. Ndikuganiza zopita msanga kuti ndikakhale kaye pabenchi ya panja ndione amene akudikira, koma nazonso si zomwe komiti inavomereza. Uthenga wa ondiyang'anira sindinayankhe, ndipo aona kuti ndawerenga.