Bedi losalira ndi foni ya apongozi

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza kubwera kuno ku Halale pa lole ya Ulere, ija boma la atsamunda linkanyamulira anthu osawalipiritsa kuti adzagwire ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ndiye ine mdzukulu wawo ndikangomva mawu akuti "ulere", magazi amathamanga. Ndi zakumtundu.

Ndine kalipentala. Ndimakhala ku Mufakose koma ntchito ndimagwirira ku Glen View Area 8, kumene anthu a mu Harare amagula mabedi, masofa ndi makabati. Amene anafikako akudziwa. Akalipentala tilipo mazanamazana, tonse tikukhoma zofanana, ndipo kasitomala asanatsike n'komwe mu kombi madobadoba amakhala atamugwira kale mkono. Iwe wopala matabwa umadya zotsala. Ndiye pali moto, umene umabuka pamalopo mobwerezabwereza ngati nawonso uli ndi shedi yake.

Tsiku lina mphwanga wa ku koleji anandipeza ndikuwodzera pa bedi losagulidwa.

"Achimwene, mabediwa bwanji osawaika pa intaneti?"

"Ndi zingati?"

"Ulere."

Ndinadzuka.

Anandionetsa masamba a malonda, kumene aliyense amaika chimene akugulitsa, kuyambira galimoto mpaka akalulu. Kale ukafuna kutsatsa unkapita kunyuzipepala n'kukalipira timizere titatu. Kuno umangolembetsa ndi imelo, n'kusankha gulu la katundu wako, kuika zithunzi, mtengo, dera limene uli ndi nambala ya foni. Msampha wake ndi umodzi: malonda atsopano amakhala pamwamba, ako n'kumamira tsiku ndi tsiku ngati mwala m'chitsime. Ukafuna kukhalabe pamwamba, pamenepo ndiye amati lipira. Ine kulipira? Mdzukulu wa Ulere? Ndinati nzeru ndi kumwaza ngati mapira. Mnyamatayo ananditsegulira maakaunti pa masamba anayi, n'kubwerera kusukulu ndi mapasiwedi onse m'mutu mwake.

Usiku umenewo magetsi kunalibe. Ndinakhala pakhonde ndi foni, n'kusonkhanitsa Chingerezi changa chonse cha Fomu 2. Ndinalemba kuti: bedi la anthu awiri, lolimba, sililira ngakhale pang'ono, bwerani mudzaliyese nokha, imbani nthawi iliyonse, usana kapena usiku. Mtengo madola 120 a ku America. Kenako nambala.

Apa ndiweruzeni mwachifundo. Ndani amadziimbira yekha foni? Nambala imene zala zanga zimaidziwa popanda kufunsa mutu ndi imodzi yokha, ija ndimalemba mwezi uliwonse ukatha potumiza ndalama pa EcoCash. Nayonso imayamba ndi 077 ngati yanga. Mwini wake amakhala ku Mabvuku, ali ndi zaka 71, ndi mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano kumpingo wa CCAP, ndipo anandiberekera mkazi.

Ndinakopera mawu omwewo pa masamba onse anayi, pa Facebook Marketplace, ndi m'magulu a WhatsApp onse amene ndilimo, ngakhale la maliro. Ndinagona ndi foni pachifuwa.

Lolemba zii. Lachiwiri zii. Ndinayamba kudziimbira ndi foni ya mayi a Chisomo kuti ndione ngati yanga ikulira. Inkalira bwinobwino. Ndinati basi malonda anga amira, ndiye Lachitatu ndinawaikanso paliponse kuti akwere pamwamba. Ndinanyozanso intaneti pamaso pa anzanga kushedi, kuti ndi zinthu za ana asukulu, munthu wofuna bedi amabwera kudzaligogoda ndi dzanja.

Lachisanu madzulo ndinapeza nsima yavundikiridwa koma mayi a Chisomo aima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Chisomo, amayi akukufunani mawa m'mawa. Akuti mubwere ndi foni yanu."

"Kwagwanji?"

"Mukamva komweko. Ine manyazi andikwana."

Mufakose ali kumadzulo, Mabvuku kum'mawa, ndiye ndi makombi awiri, ndipo ulendo wonsewo ndinkawerenga machimo anga. Ndinagula shuga wa makilogalamu awiri ndi botolo la mafuta ophikira, poti kwa apongozi supita manja lendelende, makamaka usakudziwa mlandu.

Ndinawapeza atakhala pamkeka, magalasi ali pamphuno, kope la ana asukulu lili pamwendo. Ndinanjuta chapatali, maso pansi. Anandilonjera bwinobwino, kufunsa ana, kulandira shuga. Kenako anatsegula kope.

"Akamwini, chiyambire Lolemba anthu 43 andiimbira foni. Onse akufuna bedi langa."

Anayamba kuwerenga ngati kalembera wa mpingo. Wina anaimba 2 koloko usiku, n'kunena kuti paja mwalemba nokha kuti nthawi iliyonse. Asanu ndi awiri anangofunsa mtengo womaliza asanapereke ndi moni yemwe. Wina ankafuna kusinthanitsa ndi mbuzi. Wina anatumiza uthenga wooneka ngati wa EcoCash wonena kuti walipira kale ndipo dalaivala wake ali m'njira. Amayi anapita kukaona ndalama zimene zinali m'foni, anapeza madola awo atatu omwe aja, ndiye anamuimbira n'kumuuza kuti alape.

"Koma zonsezi n'zazing'ono," anatero, n'kuvula magalasi. "Lachinayi."

Lachinayi ndi tsiku la amayi kutchalitchi. Apongozi anga makutu anayamba kuvuta, ndiye foni yawo mdzukulu anaitchera kuti izilankhulira pa sipika. Anaiwala kuzimitsa. Ili pakati nyimbo foni inalira, iwo n'kuyesa ndi uthenga wa matenda, anayankha. Tchalitchi chonse, pamodzi ndi mayi busa, chinamva bambo wa mawu aakulu akufunsa m'Chishona kuti: "Amayi, ndi zoona kuti bedi lanulo sililira? Ndingabwere usiku uno kudzaliyesa?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Mlamu wanga wamng'ono, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anathawira kubafa ndipo ndinkamumva akutsamwa ndi phwete.

Ndinagwada. Ndinapepesa m'Chichewa, ndinapepesa m'Chishona. Ndinatulutsa foni kuti ndifufute zonse pomwepo, koma masamba awiri anali atanditulutsa ndipo ankafuna pasiwedi, mwini mapasiwedi foni yake yozima. Za pa WhatsApp ndiye musanene, zinali zitafika kale kwa anthu a ku Chitungwiza amene sindinawaonepo.

"Mukutani?" anafunsa amayi.

"Ndikuchotsa, amayi."

"Wakuuzani ndani?"

Anatembenuza tsamba. Kumeneko kunali mayina asanu, lililonse ndi ndalama ya chikole pambali pake. Atatu anali amayi a Chigwirizano omwe aja, amene atatha kuseka anawatsatira panja n'kuwanong'oneza kuti awo kunyumba amalira ngati ngolo. Ndipo mtengo sunali 120.

"Bedi losalira la 120? Mukufuna ana anga adye utuchi? Ndawauza 140. Ndawauzanso kuti mkamwini wanga pa zamafoni ndi mbuli, koma manja ake ndi odala."

Sindinadziwe ngati ndithokoze.

"Madola 20 apamwambawo ndi anga," anapitiriza. "Ndi a tulo tanga. Nambala isasinthe. Mungochotsa mawu akuti usiku, ndi aja odzayesa."

Ndinavomera zonse. Munthu wogwada sachita malonda. Ndinatsanzika, ndipo ndili pachipata anandiitananso.

"Akamwini, langali lakhala likulira chimwalirire abambo anu. Loyamba kutuluka mushedi libwere kuno, ndizidziwa chimene ndikugulitsa."

Ndinakanda m'mutu, n'kufunsa mwaulemu kuti nanga limenelo tiwerengere pa mtengo uti, wa 120 kapena wa 140.

Anavalanso magalasi n'kutseka kope.

"Ulere," anatero. "Paja ndamva kuti mumazikonda."