Chimbale cha Lionel Richie ndi mkangano umene sunathe

Ndakhala ndikuyesa kugona kuyambira kalekale, koma mawu amene achimwene anandiuza madzulo akungobwerabwera m'mutu mwanga, choncho ndadzuka kuti ndiwalembe. Ndinapita kukawathandiza kulongedza katundu wakale, ndipo m'katoni ina, pansi pa mulu wa mapepala, munatuluka CD ya Lionel Richie yotchedwa Back to Front, imene kampani ya Motown inatulutsa mu 1992. Chikuto chake chinali chosweka pakona, koma titaiika m'wailesi inaimba bwinobwino popanda kudumpha, ndipo ntchito yolongedza inathera pomwepo.

Chimbalechi ndi cha mtundu uja umene amasonkhanitsamo nyimbo zimene zinamveka kwambiri za woimba mmodzi. Chimayamba ndi nyimbo zitatu zimene pa nthawiyo zinali zatsopano, Do It to Me, My Destiny ndi Love, Oh Love, ndipo ine ndimaziona ngati nyambo yokopera anthu amene anali kale ndi zimbale zoyambazo kuti agulenso. Sindinadandaule nazo kwenikweni, chifukwa Richie anali atakhala chete kuchokera pamene anatulutsa Dancing on the Ceiling mu 1986, ndipo My Destiny ndi nyimbo yokoma ndithu, ngakhale kuti sindimvetsa mmene nyimbo imene anthu sanaimvepo ingakhalire patsogolo pa nyimbo zotchuka.

Mkangano unabuka pamene piyano ya Easy inayamba kulira. Ndinati, "Achimwene, nyimbo iyi si ya Lionel yekha, ndi ya gulu la Commodores." Iwo sanatukule n'komwe mutu pa mapepala amene ankasankhula. Anangoti, "Iwe mphwanga, Commodores anali Lionel. Enawo ankangomuperekeza."

Mawu akuti kumuperekeza ndi amene andisowetsa tulo. Ndinawakumbutsa kuti gululi linayambira ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, mu 1968, anyamatawo ali ophunzira, ndipo Richie ankaliza sakisofoni monga mmodzi mwa anzake. Nyimbo imene inayamba kuwatchukitsa, Machine Gun ya mu 1974, ndi ya zoimbira zokhazokha, ndipo anaipeka ndi Milan Williams. Brick House ya mu 1977, imene achimwenewo ankaivina mpaka thukuta kamukamu, amaitsogolera ndi Walter Orange, woimba ng'oma. Kenako ndinabweza Easy kawiri konse kuti amve gitala ya Thomas McClary pakati pa nyimboyo, pamene imalowa mwaukali ngati munthu amene wakhala akudikira mpata woti alankhule, n'kuisandutsa nyimbo yofatsa ija kukhala chinthu china. Ndinawafunsa ngati munthu woperekeza mnzake amaliza gitala motero.

Anamvetsera mpaka gitalayo itatha, ndipo ndinaganiza kuti ndawagonjetsa. Koma anaika mapepala pansi n'kundifunsa kuti anapeka Easy ndi ndani, nanga Three Times a Lady, nanga Still ndi Sail On. Zonsezi anapeka ndi Richie, ndipo ndinavomera. Ndiye analoza makatoni amene anatizungulira nati, "Munthu akamasamuka amanyamula katundu wake. Ukufuna akanasiya nyimbo zake m'nyumba imene anatulukamo?" Anawonjezera kuti ngakhale James Anthony Carmichael, amene ankayang'anira kujambula nyimbo za gululo, ndi yemweyo amene anapitiriza kugwira ntchito ndi Richie atachoka mu 1982, ndiponso kuti chimbale cha Can't Slow Down chinalandira mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana zonse mu 1985. Ine ndinayankha kuti Commodores nawonso analandira Grammy chifukwa cha Nightshift, nyimbo imene anatulutsa mu 1985 Richie atapita kale. Iwo anaseka nati, "Tchula ina imene inamveka pambuyo pa imeneyo." Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kukundipwetekabe mpaka pano.

Mwina chimene chinandivuta n'chakuti ndinkatsutsa zimene iwo sananene, ndipo chimene ndinkafuna kunena ndachipeza ndili kale pabedi. Ndilibe mlandu ndi Richie chifukwa chotenga nyimbo zimene anapeka yekha. Mlandu wanga uli pa mmene chimbalechi chinasanjidwira. Nyimbo sizitsatana malinga ndi zaka, moti All Night Long ya mu 1983 imabwera Easy ya mu 1977 isanafike, ndipo nyimbo za gulu zinamwazikana pakati pa zimene anaimba payekha, mwakuti womvera sangadziwe pamene gulu linathera ndi pamene munthu mmodzi anayambira. Pa nyimbo zonse za Commodores anasankhapo zofatsa zokhazokha, zimene zimafanana ndi zimene Richie anadzaimba pambuyo pake, ndipo munthu amene angamudziwire pa chimbale chimenechi angakhulupirire kuti gululo linali loimba nyimbo zachikondi basi, ndiponso kuti malipenga, besi ndi ng'oma zovinitsa zija kunalibe. Achimwene anga, amene anaziona zonsezi ndi kuzivina, nawonso afika pokhulupirira zomwezo.

Chinanso chimene sindinathe kuwauza, poopa kuti angandiyese wamakani, n'chakuti nyimbo zobwerekedwazo ndi zimene zimaposa zinzake pa chimbalechi. Mukamva Sail On mumamva anthu angapo amene aliyense akukokera kwake pang'ono, mawu akugundana kenako n'kugwirizana, ndipo chakumapeto nyimbo imatseguka gulu lonse n'kulowamo. Mukamva Truly kapena Hello, chilichonse chinayalidwa kuti chitumikire liwu limodzi, mosalala ndiponso mwaluso, koma palibe amene akumutsutsa woimbayo, ndipo nyimbo zoterezi zikatsatana zitatu khutu limayamba kuwodzera. Choncho chimbale chimene chinapangidwa kuti chionetse ukulu wa munthu atasiya gulu chikupereka umboni wa zimene anataya pochokapo.

Komabe ndiyenera kulemba chilungamo. Pamene Hello inafika, ine amene ndinkanena zonsezi ndinapezeka ndikuimba nawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, ndipo achimwene anandiyang'ana cham'mbali osanena kanthu. Zimenezi zinandikwiyitsa kuposa mkangano wonse, ndipo sindikudziwa ngati ndinakwiyira iwo, Richie, kapena ine mwini. Masiku ano ndakhala ndikupsa mtima msanga ndikamva munthu mmodzi akutamandidwa pa ntchito imene anagwira anthu ambiri, ndipo n'kutheka kuti nkhaniyi si ya nyimbo yokha, koma zimenezo sindikufuna kuzifukula usiku uno.

Potsanzikana anandipatsa CD ija nati ndikaimvetsere bwino ndikakhala ndekha, mwina ndikasintha maganizo. Ili patebulo pano, ndipo ndaiika kale kawiri, koma ulendo uliwonse ndimadumpha nyimbo zitatu zoyamba zija pamodzi ndi All Night Long n'kukafika pa Easy, kudikira gitala ya McClary. Ndinayamba kuwalembera uthenga wofotokoza za kasanjidwe ka nyimbo kaja, ndinafika pakati, kenako ndinaufufuta.