Lachitatu: botolo loboola ndi ndege yogwa dala

Ndafika pakhomo siketi ili chinyowere, choko mpaka m'zigongono, koma mtima uli myaa.

Usiku wathawu ndinamaliza kabandulo kanga kudawunilodi vidiyo ya aphunzitsi akunja akupanga ma experiment a fizikisi mu ndege ija anthu amayandama ngati ali ku space. Pulani inali yoti Fomu 3 ionere pa projekita koma kufika kusukulu magetsi kulibe, ndiye basi foni yanga yayenda benchi ndi benchi, mitu isanu isanu pamodzi, ine mtima uli m'mwamba kuti wina angaigwetse.

Muvidiyomo madzi akutuluka mu botolo nkupanga kampira kumangoyandama, pendulum osagwedezekanso uku ndi uku ngati ya mu lab mwathu. Ndawauza kuti ndegeyo sifika ku space ayi. Ya ku Bordeaux, ku France, ndi Airbus A310 ya kampani ya Novespace. Imakwera mphuno italoza kumwamba, apo munthu umalemera pafupifupi kawiri, 1.8 g, kenako oyendetsa amachepetsa mphamvu ya injini ndege nkuyenda mokhota ngati mwala woponyedwa ndi legeni, ndipo kwa masekondi 22 ndege, anthu, mabotolo, zonse zikugwa limodzi. Ulendo umodzi amabwereza zimenezi ka 31. Ya NASA yakale ija, KC-135, anaipatsa dzina loti Vomit Comet chifukwa cha kusanza, apa kalasi yonse phwete.

Mnyamata wina wakumbuyo kuja wakweza dzanja, "Madamu, ndiye gravity yo amaithimitsa bwanji?" Mnzake pompo, "ngati magetsi athuwa." Ndaseka nawo koma funsoli ndi limene ndimafuna. Chaka chilichonse ana amandilembera kuti ku space kulibe gravity, pamene International Space Station, chombo chimene anthu amakhalamo ku space, chili makilomita pafupifupi 400 okha m'mwamba ndipo kumeneko dziko limakokabe ndi mphamvu pafupifupi 90 peresenti ya pansi pano. Anthu a m'menemo amayandama chifukwa akugwa, iwo ndi chombo chawocho.

Kuwauza pakamwa sanakhulupirire, maso amaonetsa. Ndiye tatuluka panja. Ndinabweretsa botolo la Sobo lopanda kanthu, taliboola cham'munsi ndi msomali nkuthiramo madzi, a mlonda atibwereka makwerero atatifunsa kaye kawiri ngati a hedi akudziwa. Mtsikana wina wopanda mantha wakwera, kutambasula dzanja ngati mamita atatu kuchokera pansi. Koyamba madzi osatuluka nkomwe, kani wina anatseka chivindikiro mwamphamvu. Tachotsa, madzi tsopano akuthamanga pa kabowo, ndati siya!

Palibe anaona kanthu. Mamita atatu botolo limatha osakwana sekondi imodzi, 0.8 basi, ife ndiye masekondi 22 tiwatenge kuti ku Area 25 kuno. Chimene aona ndi botolo kufika pansi phwaa, madzi onse pa siketi yanga, chimwemwe cha ana chinali pamenepo. Kachitatu ndajambula ndi slow motion, taunjikana pansi pa mtengo wa mango kuonera. Dzanja likangosiya, kamzere ka madzi kaja kakuduka pomwepo, botolo kutsika louma kunja bowo lili chitsegukire. Kunali zii. Kenako wa funso uja, chapansipansi, "Ooo, madziwo akugwanso." Ndikanakhala ndi ndalama ndikanamugulira Fanta.

Pobwerera ndinakwera minibasi ya m'tauni kukagula zamasamba, ndipo pobwera dalaivala wathu waponda hampu osachepetsa liwiro. Jumbo ya tomato inanyamuka pamiyendo panga, m'mimba kuti zyoo, ine ndi mpando kusiyana pang'ono. Mayi wa pambali panga akukuwa "adalaivala mutipha!", ine ndikuseka ndekha, mpaka kondakitala kundiyang'ana kawiri asanandipatse chenji.