Titanic yake sinali imene ija

Dzulo ndinali pa Luchenza kukaona achimwene, nde madzulo tinalowa mu vidiyo sho ina yake chifukwa pa bolodi panja analemba ndi choko kuti Titanic. Ine mumtima ndimvekere eya tikaonenso Jack ndi Rose, ija ya 1997 ya James Cameron inatenga mphoto zikuluzikulu za mafilimu zotchedwa Oscar zokwana 11 ija. Filimu kungoyamba, aaa, zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha, anyamata kumbuyo nkuyamba kukuwa kuti bwana tibwezereni ndalama zathu iyi si Titanic!

Koma ndi Titanic ndithu, ya 1953, muli Barbara Stanwyck ndi Clifton Webb, nkhani ya banja loti likutha ali musitima momwemo. Nayonso inapata Oscar ya kalembedwe ka nkhani, ndiye akatswiri a mafilimu nthawi imeneyo sanainyoze ayi, kungoti ifeyo tinazolowera ya chikondi ndi nyimbo yoliritsa ija.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi mpaka tinatsala ine, achimwene ndi madala awiri omwe ankangoti imeneyi nde nkhani osati zachibwana zija. Achimwene anagona pakatikati, ine ndinaonera mpaka sitima kumira.