Zikomo nonse, ndadzuka

Lero akwana masabata 6 chichitireni opaleshoni yochotsa chiberekero. M'mawa uno ndakwera minibasi ndekha kuchoka ku Chinamwali kukagula usipa kumsika waukulu, ndiye ndati ndisachedwenso kuthokoza.

Ambiri munkangomva kuti ndikudwala m'mimba. Zoona zake n'zakuti kwa chaka chathunthu ndinkataya magazi osalekeza, kumwezi osadziwikanso kuti kwayamba liti, kwatha liti. Nditayezetsa khansa ya khomo la chiberekero anati kulibe, ine n'kukhala phee. Kuyeza kumeneko amangoona pakhomo, pamene vuto langa linali m'kati. Sikani inaonetsa chotupa, tonse n'kumati ndi ma fibroids, zotupa za m'chiberekero zosakhala khansa zomwe timamva kwa amayi anzathu.

Madokotala a ku Zomba Central Hospital sanakhutire nazo. Anandipala m'chiberekero n'kutumiza kanyamako kukaunikidwa ku labu. Kudikira zotsatira ndiye kunandiwondetsa kuposa matendawo, nsima inkangobwerera. Dzina linabwera lalitali, atypical polypoid adenomyoma, mpaka anachita kundilembera m'buku la kuchipatala. Adokotala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti n'chotupa chosowa, si khansa, koma chimakonda kuphukanso ukachichotsa, ndipo nthawi zina chimapezekera limodzi ndi khansa ya m'chiberekero. Wofunabe mwana amangomuchotsa chotupacho n'kumamuyeza pafupipafupi. Ine zaka 43, ana atatu. Tinagwirizana ndi bambo a kunyumba kuti chiberekero chichoke.

Adokotala, zikomo pondifotokozera m'Chichewa kawiri konse osatopa. Anamwino a usiku, Mulungu akudalitseni. Inu osadziwika amene munapereka magazi omwe anandiika, mwina ndinu ana asukulu, ndilibe mawu.

Alamu anga, munasiya geni yanu n'kudzakhala gadiyani, kugona pansi pa chitenje, kukoleza moto m'bandakucha kuzizira kwa ku Zomba kuno. Pajatu ine ndi inu tinkangopatsana moni wa pamaliro. Mwandichititsa manyazi okoma.

Amayi a Mvano, nyimbo zanu zinkafika mpaka bedi la kumapeto. Anzanga a banki m'khonde, munandidikira osandiwerengera chindapusa. Amene munkanong'ona kuti mwamuna athawa mkazi wopanda chiberekero, bambo ali pompano, akuchapa mayunifomu a ana.

Kunyumba kuno kwatsala mbale 4 ndi fulasiki yofiira zomwe eni ake sindikuwadziwa. Bwerani mudzatenge, tiyi ndiphika ndekha.