Nkhope ya agogo inali ku Viseu

Amayi anga anali ndi zaka 6 pamene bambo awo anamwalira mu 1979. Amakumbukira nsapato zawo zakuda ndi fungo la fodya, koma nkhope ayi. Kwathu ku Ulongwe, ku Mozambique, kunalibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe, ndipo ine ndinakula ndikuganiza kuti ndi umphawi chabe.

Agogo aakazi ndiwo anandimasulira, tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde. Amuna awo anali mphunzitsi, ndipo mu 1971 anawatengera ku tropa, usilikali wa Apwitikizi. Poti anali atapitako kusukulu, anawapatsa udindo wa furriel, woyang'anira kagulu ka asilikali. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, agogo anasonkhanitsa zithunzi zonse za yunifolomu n'kuziponya pamoto umene ankaphikirapo nyemba. "Mdzukulu wanga, masiku amenewo chithunzi chinkamangitsa munthu," anatero. Sanachite mantha achabe. Kuyambira mu 1978 anthu amene anatumikira Apwitikizi, omwe ankatchedwa comprometidos, zithunzi zawo zinkakhomedwa pamalo antchito kuti aliyense aziwaloza, mpaka Samora Machel anadzakumana nawo ku Maputo mu 1982. Zithunzi ziwiri zaukwati zimene zinatsala zinapsera m'nyumba mu 1986, banja likuthawira ku Dedza.

Kufufuza ndinayambira ku mishoni ya Lifidzi, kumene agogo aamuna anabatizidwa. Tsiku lonse ndinatsegula mabuku aubatizo, dzina osaoneka. Mkulu wina wapampingo ndiye anandifunsa kuti, "Kodi mukulifuna m'kalembedwe kandani?" Apwitikizi pamene ife timalemba ny iwo ankalemba nh, pa w ankaika u, monga mmene Ulongwe anasandukira Ulongué. Komanso sanalembe chiwongo chathu, anatenga dzina la bambo awo n'kulisandutsa la banja. Chaka chathunthu ndinkafunafuna munthu amene m'mabuku mulibe.

Dzina lolondolalo linandifikitsa ku Moatize kwa mng'ono wawo wa agogo, amene ndinkangowamvera mbiri. Anatulutsa sutikesi yamalata pansi pa bedi, mkati muli caderneta militar, kabuku ka usilikali ka agogo, kokulungidwa m'pepala lapulasitiki. Manja anga ankanjenjemera potsegula. Pamalo pachithunzi panali pong'ambika, pangotsala timadontho tiwiri ta dzimbiri pamene panali waya womangira. Ndinakhala chete nthawi yaitali. Komabe kabukuko kanandipatsa nambala yawo, gulu lawo, ndi kumene anatumizidwa: Furancungo, 1972.

Mafayilo a asilikali a nthawi imeneyo ali ku Lisboa, ndipo munthu wogulitsa kachewere pamsika ngati ine sangangonyamuka. Koma nkhalamba za Chipwitikizi zimene zinamenya nkhondo kuno zili ndi magulu pa Facebook, ndipo zimaikamo zithunzi potsata gulu ndi malo. Ndinalemba uthenga m'Chipwitikizi, ndikusankha mawu mosamala, poti sindinkadziwa kuti andilandira bwanji. Patatha miyezi 7, bambo wina wokalamba wa ku Viseu, mzinda wa ku Portugal, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Amuna 14 patsogolo pa galimoto ya Berliet, ena ataima, ena atanjuta, mfuti za G3 zili pamawondo. Kumbuyo analemba mayina a azungu asanu onse bwinobwino. Anthu akuda 9 aja analibe mayina, kupatula kamuvi kamodzi ndi mawu awiri: o professor, kutanthauza mphunzitsi. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Anagona nawo m'tchire limodzi zaka ziwiri, koma dzina la mnzawo silinapeze malo papepala. Ngakhale zili choncho, ndimawathokoza bambo aja posunga pepalalo zaka zoposa 50.

Sindinafune kuuza amayi ndisanatsimikize. Ndinakasindikiza chithunzicho n'kukwera njinga yamoto kupita ku Domwe kwa alongo awo a agogo, amene tsopano maso ayamba kuchita chifunga. Sindinawauze kanthu, ndinangowapatsa. Anatuluka nacho panja padzuwa, n'kuyendetsa chala nkhope imodziimodzi. Atafika pa wachitatu kuchokera kumanzere, wamtali, khutu lina lopindika pamwamba, anaitana dzina lapaubwana limene ine ndinali ndisanalimvepo. Kenako analira ngati maliro achitika dzulo. "Khutu ili analumidwa ndi galu tikuweta ng'ombe," anatero.

Sindikunena kuti agogo anali ngwazi. Chaka chomwecho, pa 16 Disembala 1972, asilikali a yunifolomu yomweyo anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete. Ndinayang'ana masiku m'kabuku kaja kangapo konse, ndipo mtima unakhalako pansi nditaona kuti iwo anali kumpoto, kutali. Koma mfuti ili pabondo lawo ndikuiona, ndipo kumudzi kwathu konkuno kuli mabanja amene ana awo anali mbali inayo.

Amayi ndinawapatsa Lamlungu titachoka kutchalitchi. Anapukuta manja pachitenje asanachigwire. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana mwana wanga wamwamuna amene ankasewera pabwalo, anamuimika patsogolo pawo, n'kuika chithunzicho pambali pa tsaya lake.