Pedal yanga ya fuzz yafika

Anzanga oimba gitala kuno ku Kasungu, kabokosi kaja ndinkakadikira kafika! Ndi pedal (kachipangizo koponda ndi phazi kosintha kamvekedwe ka gitala) ya fuzz ndi octave pamodzi, yopangidwa pamanja, ndipo amapanga zochepa chabe. Msuweni wanga ndiye wabwera nayo kuchokera ku Johannesburg.

Fuzz yake ndi yonenepa, imalira ngati njuchi zadzaza mumng'oma. Koma chomwe chandigwira mtima ndi octave. Ukasankha pickup (kachipangizo kotola mawu a zingwe) ya kufupi ndi khosi la gitala, n'kutsitsa tone, n'kukhudza chingwe chimodzi pa fret 12 (kachitsulo ka nambala 12 pakhosipo), pamwamba pa mawu ako pamatuluka ena owonda, olira mokweza, mpaka tsitsi kuima. Zingwe zambiri nthawi imodzi imazisokoneza, musaikakamize. Nzeru ya octave imeneyi ndi ya Roger Mayer, amene anapangira Jimi Hendrix pedal ya Octavia mu 1967.

Ineyo ndaiika poyambirira penipeni, gitala ilowe mwa iyo isanafike kwina kulikonse. Ndikatsitsa volume ya pagitala, mawu amayera bwinobwino. Mkati muli ma transistor a germanium, omwe amasintha kamvekedwe kukatentha, ndiye ndi dzuwa la Okutobala lino sindikuisiya pawindo ayi. Batire ya 9V ikukwanira.

Loweruka masana tikuyeserera nyimbo kwathu ku Chankhanga. Bwerani ndi magitala anu mudzaiyese nokha.